Asanakupaleni nkhope n'kupakapo asidi, funsani kaye

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani yomwe ambiri angaiyese ya m'tauni mokha, pomwe idafika kale kuno kumudzi kudzera m'mafoni. Ndi nkhani ya njira ziwiri zokonzera khungu la nkhope zomwe malo okongoletsa anthu akutsatsa pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp. Ina amaitcha microdermabrasion, ina chemical peel, ndipo masiku ano ambiri akumazigulitsa pamodzi pamtengo umodzi, ati kuti nkhope isalale msanga.

Ine ndimaphunzitsa Chemistry ndi Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera. Poti mphunzitsi wamkazi wa sayansi ndilipo ndekha, atsikana amabwera kwa ine ndi mafunso omwe sangawafunse aphunzitsi aamuna. Kale ankafunsa za msambo ndi ziphuphu. Tsopano funso lomwe lachuluka ndi lakuti: "Madamu, kodi peel ija imachotsadi mawanga? Nanga akayamba akupala kaye, si ndiye kuti zimayenda msanga?" Ndaona kuti yankho lomwe ndimawapatsa likufunikanso kwa amayi awo, azakhali awo ndi achemwali awo, chifukwa iwowo ndiwo ali ndi ndalama zolipirira zinthuzi.

Yankho langa ndi lakuti njira ziwirizi ndi zenizeni, madotolo a khungu amazigwiritsa ntchito ndipo zimathandiza. Koma chomwe chimazipatsa mphamvu zikaphatikizidwa ndi chomwechonso chimawotcha nkhope zikakhala m'manja mwa munthu wosaphunzira bwino, makamaka pakhungu lakuda ngati lathuli.

Kuti timvane, tiyambe ndi khungu lenilenilo. Pamwamba penipeni pali kansalu ka maselo akufa, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Kansaluka ndi denga la thupi. Kamasunga madzi kuti asamatuluke mwachisawawa, ndipo kamatchinga tizilombo ndi mankhwala kuti zisalowe. Pansi pake pali maselo amoyo omwe amabadwa n'kumakwera pang'onopang'ono, moti pakatha pafupifupi mwezi khungu lapamwamba limakhala litasinthika. Kumunsi kwa gawo lomweli ndi komwe kuli maselo opanga melanin, utoto womwe umatipatsa mtundu wathu. Mukapitirira apo mwafika pagawo lochindikala momwe muli mitsempha ya magazi, ndipo chovulaza chikazama mmenemo pamatsala chipsera.

Microdermabrasion ndi kupala kansalu kapamwamba kaja ndi makina. Makinawa adayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1980. Oyambirira ankapemerera timchenga ta aluminium oxide pakhungu kwinaku akuyamwa timchengato pamodzi ndi maselo akufa. Ambiri a masiku ano ali ndi kamutu kokhakhala kokutidwa ndi tizidutswa ta dayamondi. Ganizo lake si lachilendo kwa ife. Agogo athu ankakhula zidendene pamwala kumtsinje, ndipo chinkhupule tonse timachidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti makina amapala mofanana paliponse, ndipo wowagwira amatha kuchepetsa kapena kuonjezera mphamvu. Akapala bwino sipatuluka magazi, nkhope imangomveka kutentha pang'ono tsiku limodzi basi.

Chemical peel ndi kupaka asidi pankhope kuti awononge dala gawo la khungu, lisupuke, pamere latsopano. Nayonso si njira ya dzulo, pakuti dotolo wa ku Germany, Paul Unna, adalemba za mankhwala otere kale mu 1882. Mayina a asidiwa amaopsa, koma magwero a ena timawadziwa. Glycolic acid amapezeka mu nzimbe, lactic acid ndi uja amawawasitsa chambiko, ndipo salicylic acid ndi m'bale wake wa aspirin. Madotolo amaigawa ntchitoyi patatu malingana ndi kuzama kwake. Yapamwamba amagwiritsa ntchito glycolic acid wa 20 mpaka 70 peresenti, kapena salicylic acid wa 20 mpaka 30 peresenti. Yapakati nthawi zambiri amatenga asidi wotchedwa TCA wa pafupifupi 35 peresenti. Yozama kwambiri ndi ya phenol, yemwe amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, n'chifukwa chake imachitikira kuchipatala makina akuyang'anira mtima wa munthuyo. Poyerekeza, mafuta a glycolic acid odzola kunyumba nthawi zambiri sapitirira 10 peresenti.

Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri amaphatikiza ziwirizi? Mlimi aliyense angamvetse. Mvula ikagwa panthaka youma gwa, madzi amangoyenderera. Ikagwa pamunda wogalauza, amalowa pansi. Asidi akapakidwa pankhope yosapala amayamba walimbana ndi kansalu ka maselo akufa kaja, ndipo poti kansaluka n'kochindikala malo ena, kopyapyala malo ena, iye salowa mofanana. Akayamba kupala, asidi amalowa mofanana, msanga ndiponso mozama. Kwa munthu wa khungu lamafuta, lokhala ndi timabowo totsekeka kapena mawanga otsalira ziphuphu zitapola, zimenezi zimatha kubweretsa zotsatira zabwino kuposa njira imodzi yokha.

Vuto lili pomwepo. Wophunzira aliyense wa Fomu 3 amadziwa kuti ntchito ya asidi imadalira mphamvu yake ndi nthawi yomwe wakhala pachinthu. Khungu lathu lili pa pH ya pafupifupi 5. Asidi wa peel amatha kukhala pa 2, ngakhale kutsikirapo. Pa muyeso umenewu, kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti ukali wachuluka kakhumi, choncho kuchoka pa 5 kufika pa 2 wachuluka ka 1,000. Tsono mukachotsa denga, asidi yemweyo wa 30 peresenti, pamphindi zomwezo zitatu, salekeranso pomwe akadalekera. Peel yomwe pabotolo yalembedwa kuti ndi yapamwamba imasanduka yozama. Katswiri weniweni akapala amachepetsa mphamvu ya asidi, kapena kufupikitsa nthawi, kapena kumuuza munthu kuti abwerenso tsiku lina kudzapaka asidiyo. Wongoonera pa foni amapala mwamphamvu, n'kupakanso asidi wamphamvu, poganiza kuti akumuchitira bwino kasitomala.

Apa ndi pomwe mtundu wa khungu umalowa m'nkhani. Mu 1975 dotolo wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, adayambitsa njira yogawira makungu malingana ndi momwe amachitira padzuwa. Lero magulu ake alipo 6, ndipo ambiri a ife tili m'gulu la 5 ndi la 6. Maselo opanga utoto tili nawo ochuluka pafupifupi mofanana ndi azungu, koma athu amagwira ntchito mwachangu kwambiri. Zimenezi zimatiteteza kudzuwa, komanso zili ndi mtengo wake. Khungu lathu likapsa, likakandika kapena likatupa, maselo aja amathirapo utoto wambiri, ndipo pamatsala banga lakuda lomwe limatenga miyezi, nthawi zina zaka, kuti lizilale. Onani pomwe padaluma udzudzu pamwendo wa mwana, kapena pomwe munthu adafinya chiphuphu. Tilinso ndi chizolowezi chotupa zipsera kuposa mitundu ina, monga timaonera pamakutu a ena omwe adaboola ndolo. Ndiye munthu wopita kukachotsa timawanga tisanu atha kubwerako ndi banga limodzi lodzadza tsaya lonse.

Sindikunena kuti munthu wakuda asachite peel. Mu 1999 dotolo wa khungu wa ku America, Pearl Grimes, adafalitsa zotsatira za anthu 25 a khungu la gulu la 5 ndi 6 omwe adawapaka salicylic acid, ndipo ambiri mwa iwo adathandizika. Koma taonani momwe adachitira. Adayamba wakonza khungu lawo kwa masabata awiri ndi mankhwala olembedwa ndi dotolo. Adayambira pa 20 peresenti asanafike pa 30. Adawapaka kasanu, akumadikira masabata awiri pakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku ndi komwe kumasowa pa zotsatsa zolonjeza nkhope yatsopano pa ola limodzi.

Ntchito ya katswiri imayamba asanagwire makina, imayambira pa mafunso. Amafunsa mafuta ndi sopo zomwe munthu akugwiritsa ntchito. Amafunsa ngati ali woyembekezera, ngati thupi lake limadana ndi aspirin, ngati zipsera zake zimatupa. Amafunsa ngati amatuluka tizilonda ta pamlomo tija timabwera munthu akadwala malungo kapena chimfine, chifukwa kachilombo kake kamatha kufalikira pankhope yonse yosupuka. Amafunsa ngati wamwapo mapiritsi a ziphuphu otchedwa isotretinoin, pakuti madotolo ambiri amadikira miyezi 6 munthu atasiya kumwa. Akaona ziphuphu zamafinya sapalapo, popeza kupala kumazitupitsa n'kufalitsa tizilombo. Amayesa kaye asidi pakamalo kakang'ono kuseri kwa khutu kapena m'mbali mwa chibwano. Popaka amakhala ndi wotchi, maso ali pakhungu, ndipo pambali pamakhala pali kale madzi ozimitsira asidi. Glycolic acid sasiya yekha kugwira ntchito, amafuna kuzimitsidwa, kawirikawiri ndi madzi a soda wamtundu womwe uja timathira mu therere. Kamutu ka makina nako kayenera kutsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo munthu wina asanagonepo.

Funso loyamba lija, la mafuta odzola, ndi lomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndidaona zotsatira zake m'banja mwathu. Msuweni wanga wina wogwira ntchito m'tauni adapita kumalo ena okongoletsa kutatsala masiku 6 kuti achite chinkhoswe. Adamupala, n'kumupaka asidi tsiku lomwelo. Usiku adandiimbira foni akulira.

"Asuweni, nkhope ikutentha ngati andithira tsabola. Ndipake chiyani?"

Ndidamufunsa ngati adamufunsako za mafuta omwe amadzola.

"Ayi ndithu, anangondifunsa ngati ndilipira pa foni kapena kashi."

Mwanayu adali atadzola kwa zaka ziwiri mafuta ena a m'kachubu ogula pamsika, oti ayeretse khungu. Titawerenga timalemba ta pachubupo tidapeza kuti muli clobetasol. Amenewa ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, oyenera kulembedwa ndi dotolo pamatenda ena a khungu kwa masabata ochepa. Munthu akamadzola nthawi yaitali khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo zilonda sizipola msanga. Khungu lake lidali lopyapyala kale, makina adalipalanso, asidi n'kupeza khomo lotsegula. Masaya onse awiri adasupuka mpaka kuchucha madzi. Chinkhoswe chidachitika, iye atadzola ufa wambiri, koma patapita masabata atatu pomwe padasupuka paja padada kuposa khungu lake lobadwa nalo. Zidamutengera pafupifupi chaka, akuyenda kuchipatala, kuti mawangawo ayambe kuzilala. Ndalama zomwe adawononga pochiza zidaposa kutali zomwe adalipira tsiku lija.

Nkhani ya mafuta oyeretsa khungu ndi yakale muno mu Africa. Mu 1975 madotolo a ku South Africa adalemba za amayi omwe nkhope zawo zidada n'kukhakhala chifukwa chodzola hydroquinone zaka zambiri, matenda otchedwa ochronosis omwe ndi ovuta kuchiza. Dzikolo lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzikongoletsera mu 1990, ndipo Rwanda idayamba kulanda mafuta otere m'misika mu 2018. Mafuta ena amakhala ndi mercury yemwe amawononga impso. Madotolo amalemba ndithu hydroquinone, koma pamawanga pokha ndiponso kwa miyezi yochepa. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri omwe akuthamangira kupalitsa nkhope ndi omwewo khungu lawo lidaonongeka kale ndi mafutawa, ndipo akufuna kufufuta zotsatira zake. Ambiri sanena zomwe amadzola chifukwa cha manyazi. Ngati wowapalayo safunsa, ngozi yatsala pang'ono.

Atsikana anga akusukulu alibe ndalama zopitira m'tauni, choncho amatsanzira ndi zomwe ali nazo. Amakwecha nkhope ndi shuga kapena mchere, kenako n'kufinyirapo ndimu, ena mpaka mankhwala otsukira mano. Mosadziwa, akuchita zomwezija: kupala kenako asidi, popanda muyeso, popanda wotchi. Madzi a ndimu ali pa pH ya pakati pa 2 ndi 3. Komanso zipatso za gulu la ndimu zili ndi timankhwala tina tomwe tikakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa timawotcha ngati moto n'kusiya mabanga akuda. Ndaonapo mtsikana wa Fomu 2 akubwera m'kalasi ali ndi mizere yakuda yotsika m'masaya, yotsata ndendende momwe madzi a ndimu adayenderera. Omwe ali ndi achibale ku Johannesburg kapena otha kuitanitsa katundu pa intaneti amafika pogula timabotolo ta asidi wamphamvu n'kumapakana kunyumba. Ngakhale ku America komwe zinthuzi zidafala, bungwe la boma loona za mankhwala la FDA lidachenjeza anthu mu Julayi 2024 kuti asagule n'kudzipaka okha asidi otere popanda katswiri, chifukwa amatha kuwotcha khungu mpaka kusiya zipsera.

Pali chinthu chinanso chomwe otsatsa satchula kawirikawiri, ndicho dzuwa. Khungu likapalidwa n'kusupuka, latsopanolo limakhala lanthete kwa masabata angapo. Limafuna mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposera apo, odzola tsiku lililonse ndi kubwerezanso pakatha maola awiri munthu akakhala panja. Limafuna chipewa chachikulu ndi mthunzi. Munthu wa mu ofesi ku London angakwanitse. Nanga mtsikana woyenda makilomita 7 kupita kusukulu m'mwezi wa Okutobala? Nanga mayi wogulitsa tomato pamsika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena wopalira chimanga? Mafuta oteteza kudzuwawo ndi odula, ndipo kuno kumudzi sapezeka m'magolosale. Pakhungu lakuda, dzuwa likaomba pomwe pasupuka, banga limabwerera loposa loyamba. Choncho powerengera mtengo wa peel muwerengere ndi mafuta a miyezi ingapo, komanso maulendo anayi kapena kuposa, popeza ulendo umodzi sukwanira. Yemwe sangakwanitse zotsatirazi kuli bwino asayambe n'komwe.

Atsikana ndimawauza kuti ziphuphu za pa msinkhu wawo zimabwera chifukwa cha kusintha kwa thupi, si uve, ndipo kwa ambiri zimachepa akamakula. Asambe kumaso kawiri patsiku ndi sopo wosakalipa, asafinye, asakwechepo. Zikachuluka apite kuchipatala. Kuli mankhwala odziwika bwino monga benzoyl peroxide wopaka ndi doxycycline wakumwa, omwe achipatala amalemba akaona kuti n'koyenera. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu, ndipo ena mwa achipatala athu adakaphunzira za khungu ku Moshi m'dziko la Tanzania. Chiphuphu chikaleka kutuluka, mawanga atsopano nawo amaleka. Kupala mawanga ziphuphu zikadatulukabe kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Eni masaluni sindikuwada. Ena mwa iwo ndi ana omwe ndidawaphunzitsa ndekha, ndipo ndimanyadira kuwaona akudzidalira. Koma kuluka tsitsi ndi kupaka asidi pankhope yopalidwa ndi ntchito ziwiri zosiyana. Tsitsi likalakwika timamasula, nkhope ikapsa munthu amayenda nayo. Pempho langa kwa a Medical Council of Malawi, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi a Malawi Bureau of Standards ndi lakuti atiuze poyera, m'Chichewa ndi pawailesi, kuti asidi wa mphamvu yotani angagwiridwe pasaluni ndipo wotani ndi wa kuchipatala kokha, komanso aone za mankhwala a steroid omwe akugulitsidwa pamisika ngati mafuta wamba. A Teveta nawo aonetsetse kuti ophunzira zokongoletsa anthu akuphunzira za khungu lakuda, osangoti za m'mabuku olembedwera makungu a ku Ulaya.

Tisaiwalenso chomwe chimawatuma ambiri. Peel yochitidwa bwino siisintha mtundu wa munthu. Imachepetsa mawanga, khungu n'kubwerera pamtundu wake wobadwa nawo. Wolonjeza kuti akuyeretsani ndiye kuti akufuna kuzamitsa asidi kuposa muyeso, kapena akupatsani mafuta aja pambuyo pake. Abambo ndi anyamata omwe mumatamanda "woyera" pamaso pa ana anu aakazi ndi alongo anu, dziwani kuti mawu anuwo ndi omwe amakathera m'botolo la asidi.

Kwa inu amayi ndi achemwali omwe mwaganiza zopita, ndalama ndi zanu ndipo nkhope ndi yanu, choncho musachite manyazi kufunsa. Funsani dzina la asidi ndi peresenti yake, muone botolo ndi maso anu. Funsani komwe wokupakaniyo adaphunzira, ndiponso ngati adagwirapo khungu ngati lanu. Funsani chifukwa chomwe akufunira kupala ndi kupaka tsiku limodzi, ndi zomwe achite khungu likayamba kupsa. Nenani zoona za mafuta omwe mumadzola, ngakhale asakufunseni. Musapite ukwati kapena chinkhoswe chitayandikira, siyani mwezi wathunthu kapena kuposa. Akakwiya ndi mafunso anu, kapena akayankha kuti "musadandaule, aliyense timamupanga chomwechi", nyamulani chikwama chanu muzipita. Safunsa adadya phula.

Mphunzitsi wa sayansi,
Dedza